Mkamwini Anagwira Gitala Pansanja

Omvera anzanga, ndine mkulu wa ku Likhubula, ndipo mtima wanga sunatsikebe.

Kuholo ina pa Boma kunabwera woimba wotchuka wa nyimbo zachikhalidwe, uja amaimba yekha ndi gitala. Woyambirira kuimba anali mwana wa mchemwali wanga, amene amathyola tiyi kuesiteti. Atangoyamba nyimbo yake ya Chilomwe, mwamuna wake analumphira pansanja n'kugwira gitala imene mkazi wakeyo ankaimba.

"Tsika! Ukapitiriza, banja latha!"

Mwanayo anandiyang'ana. "Atsibweni, ndisiye?"

Ndinaimirira. Nkhoswe ya banjalo ndine, ndipo zimene tinagwirizana pachinkhoswe ndinazilemba. Zoletsa kuimba mulibemo.

"Akamwini," ndinatero, "munabwera kwathu kudzakwatira, osati kudzamutseka pakamwa. Chotsani dzanja."

Mkamwiniyo anataya gitalayo n'kutuluka. Mwanayo anaitola, naimba mpaka kumapeto misozi ili mbwembwembwe.

Mwamunayo anapita kwawo ku Muloza ndipo sanabwerebe. Ena akuti ndinapasula banja, ndipo mawuwo amandipweteka. Koma akadzabwera, adzamupeza akuimba.