Makalata Awiri a Maliro a Mnansi

Aulutsi, muwerenge monga ndalembera, musachotsepo mawu.

Ndine mkulu wa ku Nsefu. Zaka zija ndili sikauti wa gemu, mlonda wa nyama, anandituma kunja kukaphunzira za nyama zakutchire. Mzinda umene ndinafikira unali wozizira, anthu ake osapatsana moni. Sitima ndinaizolowera, buledi wouma ndinamuzolowera.

Mwezi wachitatu, bambo a chipinda choyang'anizana ndi changa anamwalira. Ndinadikira kumva kulira, koma kunali zii. Ndinavala jekete, n'kugogoda, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo monga timachitira kwathu. Amayi ofedwawo anali okhaokha. Chilankhulo sitinkamvana, koma ndinakhala mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa mwake ndinapitanso, ndinawawiritsira tiyi.

Tsiku lachitatu mwini nyumba anandipatsa kalata: ati ndikusokoneza anansi, ndikabwereza ndichoke. Kwina kogona ndinalibe, choncho kuchoka kunali kutha kwa maphunziro.

Ndinamuyankha m'Chingerezi: "Bwana, kwathu njovu zimaima pa mtembo wa inzawo, ndaziona ndi maso angawa. Ine ndichepere njovu? Ndipitanso."

Ndinapitadi, mpaka kumanda. Pobwerako ndinamanga katundu.

Koma amayi aja analowetsa kapepala pansi pa chitseko changa, kena anapereka kwa mwini nyumba. Mnzanga wa m'kalasi ananditanthauzira kanga kaja: "Musachoke. Pa anansi onse, inu nokha munabwera." Mwini nyumba sanatchulenso nkhaniyo.

Makalata onse awiri, ya mwini nyumba ndi ya amayi aja, ndikusunga mpaka lero, yoyambayo pansi. Ana athu opita kunja, zolowerani zonse, koma pa maliro a mnansi musadikire kuitanidwa.