Verna Haskett Apita ndi Nkhope Yawo Yeniyeni

Malemu Verna Haskett anabadwa pa 9 Malichi 1921 kuno ku Tulsa, m'chisakasa cha malata pafupi ndi chitsime cha mafuta. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mayi wawo, Opal. Abusa amati awerenge iwo, ndakana. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndikamadodoma mupirire.

Bambo awo, a Orval, anafa mu 1934 chitsime chitaphulika. Tinachita kuwatolera zidutswa. Zitsime zawo zonse zinagwera mwana wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo amuna a masuti anatera ngati miimba kuti agule motchipa. Ndinawapirikitsa ndi mfuti.

Malemu anaphunzira kusukulu ya atsikana ku Virginia, kumene anawaphunzitsa kugwira foloko ndi kusayankha mwamuna. Mu 1946 anakwatiwa ndi a Carlton Whitlow, awo akhala kutsogolowo. Ndinawachenjeza malemu kuti munthu wokwapula hatchi kumaso si wolowa naye m'nyumba. Sanamve.

Nyumba anali nazo zitatu: ya kuno, ya kumapiri ku Colorado ndi ya kunyanja ku Florida. Ku Colorado anathyoka mkono mu 1951, ati anagwa pa chipale chofewa. Ku Florida anaguluka mano awiri, ati chitseko. Mu 1958 nyumba ya kuno anaipereka kwa amayi othawa nkhonya za amuna awo. Ankakawatenga okha pa galimoto, ena magazi ali chuchuchu, n'kuwalipirira dokotala ndi loya. Ndikafunsa kuti nanga iwe udzalowamo liti, ankaseka n'kuti, "Amayi, mabedi adzaza."

Lachiwiri pa 14 Novembala 1961 anapezeka ali kwala pansi pa masitepe ku Florida. Anamwalira Lachisanu m'chipatala osatsitsimuka. A Whitlow akuti anaterereka, apolisi akumeneko avomera.

Dzulo wokonza maliro anawapaka zodzoladzola kumaso, khosi n'kulikulunga ndi nsalu ya silika, kuti poona nkhope muzinena kuti akungokhala ngati agona. Ati alamula ndi akuchimuna. Ndinamuuza kuti bokosi ndagula ndine, manda ndi a kwa Haskett, ndipo akapanda kupukuta ndinyamula mwana wanga kupita naye kwa wokonza maliro mnzake wa tsidya la msewu. Anapukuta.

Malemu asiya ana awiri, Dale ndi Ruthanne, ine mayi wawo, ndi amayi onse a m'nyumba ija, amene adzaza mabenchi akumbuyoko. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, komanso amayi omwewa, amene aphika ndi kulandira alendo chifikire thupi.

Bokosi ndi lotsegula. Muyambe ndinu a Whitlow, atsatire a jaji anzanu osewera nawo gofu, kenako nonse. Musathamange. Muwerame, muone zala zimene zadinda pakhosipo.

Mzimu wa malemu uuse mumtendere. Enafe mtendere tiuyembekeze kaye, mpaka zala zimenezo zitapeza mwini wake.