Mayi Eveles Chimphonda, Okana Ndalama ya pa Foni

Amene tikuwaperekeza lero ndi mayi Eveles Chimphonda, a Nankhoma. Anabadwa m'chaka cha 1954 m'mudzi mwa Chiwoza, kwa Mfumu Yaikulu Maganga, m'boma lino la Salima. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo onsewo anatsogola kale kupatula mng'ono wawo, mayi Tionenji, amene akhala kumutu kwa bokosiko.

Sukulu anaiyamba mochedwa ndipo analekezera Sitandade 6 chifukwa chosowa fizi. Koma aliyense amene anayesapo kuwanenerera mtengo wa usipa akudziwa kuti sukulu yochepayo inawakwanira. Anabatizidwa mu mpingo wa CCAP ali mtsikana, ndipo pambuyo pake analowa Chigwirizano cha amayi, kumene anatumikira mpaka miyendo itayamba kukana.

M'chaka cha 1973 anakwatiwa ndi bambo Lameck Chimphonda, amene ankagwira ntchito ku njanji kuno ku Chipoka. Mulungu anawapatsa ana anayi. Awiri anawaika m'manda ali makanda, otsala ndi bambo Masautso ndi mayi Tamanda. Amuna awo akapita ku ntchito, malemuwa ankalawirira ku doko kukapikula usipa ndi utaka, kuyanika, n'kukagulitsa ku Lilongwe. Sanali munthu wotaya ndalama. M'chaka cha 1996 anamanga resitihausi yogonamo amalonda ndi apaulendo. Koma apaulendo anayamba kuchepa, ndipo pamene bambo Lameck ankamwalira mu 2004, m'zipinda zambiri munkagona mileme.

Ntchito imene tonse tikuwadziwira inayamba mu 2009. Mnyamata wina anabweretsa amalume ake, bambo Jameson, msodzi wokalamba amene maso anali atasiya kuona. Analipira chipinda n'kunena kuti abweranso mawa lake. Mawa limenelo silinafike. Malemuwa anakalipa, monga mudziwa kuti pakamwa anali napo, koma akukalipa choncho anali akuwatenthetsera madzi osamba. Mbiri inamveka, ndipo anthu ena anayamba kufunsa ngati angasungitseko makolo awo molipira.

Amene anaona kuti apa pali bizinesi ndi mwana wawo, bambo Masautso, amene anaphunzira zowerengera ndalama ndipo amagwira ntchito ku Lilongwe. Anawauza amayi awo kuti ana ambiri ali m'tauni ndi ku Joni, ndalama ali nazo koma nthawi alibe, ndipo adzalipira mosanyinyirika. Sananame. Zipinda zinadzaza, malata owola anasinthidwa, analemba mayi Edina ntchito yosamalira okalamba, ndipo phindu linkaoneka ndi maso. Malemuwa sankachita nazo manyazi. Ankati wosambitsa nkhalamba nayenso amadya.

Zinthu zinasintha chifukwa cha gogo Tausi, mayi wa Chisilamu wosungidwa pamalopo, amene malemuwa ankawaphikira m'mapoto awoawo. Mwana wa gogoyu sankaphonya kutumiza ndalama pa foni mwezi ukatha. Gogo Tausi akangomva kuti ndalama yalowa, ankasamba, kuvala chitenje chatsopano, n'kukhala pakhonde kuyang'ana ku msewu, poganiza kuti mwiniwakeyo ali m'njira. Anachita zimenezi zaka zitatu, ndipo anamwalira osamuona. Mwanayo anatumizanso ndalama ya maliro pa foni yomweyo. Chinthu chimenechi chinawapweteka mayi Eveles kuposa mmene ankaonetsera.

Atabwerako ku maliroko anaika lamulo. Ndalama ya pa foni siilandiridwanso. Wosungitsa kholo azibwera nayo yekha m'manja, akhale pamphasa, adye ndi kholo lake mbale imodzi, kenako alipire. Amene ali kutali kwambiri azibwera ngakhale kawiri pachaka, koma azibwera. Ankakonda kunena kuti foni siimufunsa munthu kuti wadzuka bwanji.

Kunena zoona, lamuloli linaipha bizinesi. Ena anakwiya n'kudzatenga makolo awo. Ena anasiya kubwera, anasiyanso kulipira, ndipo malemuwa sanathamangitsepo nkhalamba ndi imodzi yomwe. Anabwerera ku doko ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi kukapikulanso usipa, ndipo ankalima mpunga ku Chinguluwe kuti m'nyumbamo musagone njala. Komanso alipo ana amene lamulolo linawabweza kwa makolo awo. Ena mwa iwo tikuwaona pano, ndipo akudzidziwa okha.

Zimene zikutsatirazi zikuwerengedwa ndi chilolezo cha bambo Masautso, amene apempha kuti zisabisidwe. M'chaka cha 2018 iwo anapeza munthu wofuna kugula malowa kuti amangepo loji. Anawauza amayi awo kuti akudzipha ndi ntchito yopanda phindu, agulitse akapume ku Lilongwe. Malemuwa anafunsa kuti kodi wogulayo agulanso bambo Jameson? Anasemphana mawu kwambiri tsiku limenelo, ndipo poti mwana anatengera khosi la amake, palibe anagonja. Bambo Masautso anasiya kubwera ku Chipoka. Mwezi ukatha ankatumiza thandizo pa foni, ndipo mwezi uliwonse thandizolo linkabwezedwa. Malemuwa sankadandaula pagulu, koma mayi Edina akuchitira umboni kuti minibasi ikaima pamsewu, ankasiya chimene akugwira n'kusuzumira.

Matenda othamanga magazi anawavutitsa kwa zaka zingapo. M'mwezi wa Epulo chaka chino anagwa akuanika mpunga, ndipo mbali imodzi ya thupi inafa. Anagonekedwa ku chipatala cha boma ku Salima. Atatuluka anakana kupita kunyumba kwa mayi Tamanda. Anati nawonso akalamba, awapatse chipinda pamodzi ndi anzawo, ndipo anasankha chija munkagona gogo Tausi, chimene zenera lake limayang'ana ku msewu.

Bambo Masautso atamva, anatumiza ndalama yambiri ya mankhwala. Lilime linali litalemera, koma malemuwa anakwanitsa kuuza mayi Edina kuti lamulo ndi lamulo, aibweze. Achibale anawachonderera kuti pa matenda saumirapo mtima, koma anakanitsitsa. Tonse tinagwidwa ndi mantha kuti mayi ndi mwana asiyana osaonana.

Loweruka lapitali masana, bambo Masautso anatsika minibasi, ndalama ili m'manja. Analowa m'chipindamo, navula nsapato, nakhala pamphasa. Amayi awo sankathanso kumeza chakudya cholimba, choncho mayi Edina anabweretsa phala mbale imodzi ndi supuni imodzi. Mwana ankawamwetsa amake, nayenso n'kumwako, mpaka mbale inatha. Atawapatsa ndalama ija, malemuwa anaikankha ndi dzanja lomwe linkagwira ntchito, nanena mawu amodzi okha: "Walipira." Anatisiya Lachiwiri m'mawa, mwana wawo ali pambali pawo, ali ndi zaka 71.

Ambiri akhala akufunsana chamumtima kuti nanga okalamba aja apita kuti. Banja lati tilengeze pano kuti malowa sagulitsidwa. Bambo Masautso akuti masamu awo sanasinthe, nyumbayi ilibe phindu, koma aziyendetsa iwo pamodzi ndi mayi Edina. Amene muli ndi makolo m'menemo mumve bwino: lamulo lija silikulowa nawo m'manda.

Malemu mayi Eveles Chimphonda asiya mng'ono wawo mmodzi, ana awiri, apongozi awiri, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndi chidzukulutudzi chimodzi. Asiyanso okalamba khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo bambo Jameson, amene apempha kuti awagwire dzanja mpaka kumanda.

Mayi wathu, wolimba pakamwa ndi wofewa mtima, amene anamudikira anafika. Apumule mu mtendere.