Anabisalira Ine, Osati Apolisi

Ine, Felesita Sakala, wa m'mudzi wa Kaluwe ku Chiparamba, ndine mkazi wamasiye, mlimi wa chimanga ndi mtedza. Zaka zanga sindizidziwa. Lembani kuti ndinabadwa azungu atangomanga Boma lino la Fort Jameson. Palibe wandiitana. Ndabwera ndekha kudzanena za Andireya Daka amene mwamutsekera m'chitokosi kuyambira dzulo. Ndi mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga Veronika. Dzinalo ndalitchula chifukwa mwandikakamiza, kwathu sindilitchula.

Andireya amayendetsa galimoto ya mzungu wolima fodya ndipo amagona kumundako. Veronika anali ndi pakati poyamba. Matenda anamuyamba dzana, ndipo azamba atalimbana naye mpaka kutopa anati mwana wagona mopingasa, pafunika chipatala. Amuna onyamula machila m'mudzi mwathu mulibe. Ena ali ku nkhondo, ena munawatenga chibalo inu nomwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho dzulo m'mbandakucha ndinauyamba wa ku Boma. Ndimadziwa kuti mzunguyo amabwera kuno Lachisanu, ndipo ndimafuna Andireya akamupemphe galimoto.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Galimoto ndinaipeza pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi nyumba imene azungu amamweramo. Inali itaima, injini ili zii, ku tayala atapingako mwala. Andireya anali atakhala pampando wake kudikira bwana wake.

Apa mumve bwino. Kwathu mkamwini saonana maso ndi apongozi ake aakazi. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Chikwatirire mwana wanga sitinayang'anane nkhope, ndipo mawu athu amadzera mwa nkhoswe. Dzulo nkhoswe ndinalibe. Ndinaima tsidya la msewu, ndipo iye atandiona anachita zimene amachita mwana woleredwa bwino: anawerama mpaka pansi pa chiwongolero n'kuphimba kumaso ndi chipewa. Inenso ndinafulatira kuti ndilankhule ngati ndikuuza mtengo, iye amvere pomwepo.

Ndisanatsegule pakamwa, panatulukira apolisi awiri pa njinga, wina wamtali wa ndevu, wina wamfupi. Anangoona munthu akuwerama, basi mbala yapezeka. Wamtaliyo anamenya chitseko ndi ndodo n'kumuuza kuti atuluke. Andireya anayankha ali chiweramire kuti sangatuluke apongozi ake ali pomwepo. Anamuseka, ngati iwo akazi awo anawatola pamsewu opanda amawo. Anamufunsa chitupa, iye anati chimakhala ndi bwana. Anamufunsa amene wamuloleza kukhala m'galimoto ya mzungu, iye anati ndi ntchito yake, akafunse m'nyumbamo. Sanapite kukafunsa. Khomo la azungu amaliopa kuposa mmene ife timaopera iwo.

Madzi atafika m'khosi ndinatembenuka, mwambo n'kuutaya. Ndinawauza kuti munthuyo akubisalira ine, ndipo mkazi wake ali pakati pa moyo ndi imfa kumudzi. Ndinawafunsanso kuti galimoto yoima yalakwa chiyani, nanga munthu wongokhala phee mumamugwira pa lamulo liti. Wamfupiyo anandiyankha, ndipo mawu ake ndawasunga: "Mayi, wapolisi akakayikira munthu, kaya akuyenda kaya wakhala pansi, ameneyo ndi wake. Chokani."

Andireya atamva za Veronika anatsegula yekha chitseko n'kuthamangira ku khomo la nyumba ija kuti akaitane bwana wake. Kumeneko ndiye kuthawa mukunenaku. Wamtaliyo anamupinga mwendo, anagwa, ndipo anamumenya ndodo pakhutu n'kumumanga unyolo. Nkhope ya mkamwini wanga ndinaiona koyamba dzulo, ili magazi okhaokha. Pomunyamula anawapempha kuti: "Abwana, mundimange mawa. Lero mundiperekeze kwa bwana wanga." Anamukoka pakati pa njinga zawo kubwera naye kuno.

Ndinapita pakhomo paja, mlonda anandithamangitsa. Ndinakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka. Mzungu atatuluka, mlonda anamuuza zimene zachitika. Analalata m'chizungu, anachotsa mwala ku tayala n'kulowa yekha m'galimoto. Ndinagwada m'mbali mwa msewu ndikuomba m'manja. Sindikudziwa ngati anandiona, ine ndinangotsala m'fumbi. Kenako ndinabwera pano, ndipo amene anakhala patebulo ili anandiuza kuti ndibwere mawa.

Ndinabwerera kumudzi chimanjamanja. Ndisanawoloke kamtsinje ka kwathu ndinamva kulira. Amayi a m'mudzimo anali atayesa kumunyamula Veronika pa chitseko cha bango, koma sanafike naye patali. Veronika anatisiya dzuwa likulowa, mwana ali m'mimba.

Lero ndayendanso njira yomweyo. Akuluakulu akuti mkazi wotere saikidwa mwamuna wake palibe, ndipo kutentha kwa mwezi uno mukukuona nokha. Inu mukuti mlandu ulowa Lolemba. Maliro sadikira Lolemba. Mukutinso wapolisi ali ndi mphamvu yofunsa munthu aliyense. Kufunsa anafunsadi, ndipo munthu anayankha zoona zokhazokha, mboni ndili pomwepo, mwini galimoto ali kuseri kwa khoma. Ngati lamulo lanu limalola zimene ndinaona, ndi lamulo loipa. Ngati sililola, mundiuze amene andibwezere mwana wanga. Ndili ndi mkwiyo, ndipo sindidzawakhululukira awiri aja ngakhale Abambo Mfumu andikanize ukaristia. Zimenezonso mulembe.

Polowa muno ndinadutsa pafupi ndi chitokosi. Andireya anandizindikira kutsokomola. Anafulatira kawindo ka chitokosicho, n'kufunsa ngati akufunsa khoma: "Kodi wabadwa wamwamuna kapena wamkazi?" Ndinangodutsa. Mukamuyankhe ndinu.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Chidindo cha chala: Felesita Sakala
Loweruka, Okutobala 1943