Odi wanu ndinkamumva

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, lilime langali ndi lolemera, limayenda ngati minibasi yodzaza pa chitunda cha ku Soche. Koma lifika. Musandimalizire mawu, ndimaliza ndekha.

Enanu mukundiona koyamba. Ine ndinabadwa chonchi. Adokotala anauza mayi anga kuti ubongo unavulala pobadwa, n'chifukwa chake manja amapinda, miyendo imalimba, mawu amatuluka movuta. Koma mutu ndi wabwinobwino, abale. Imvi izi ndi zanga, zaka makumi anayi ndinadutsa kale.

Moyo wanga wonse pakamwa panga anali mayi. Mlendo akati odi, ankayankha ndi mayi. Munthu akandifunsa kanthu, ankayang'ana mayi. Ndiye chaka chija tinasankha matipate ambiri, anthu akuvina m'misewu, mayi anga anatisiya. Tinatsala awiri m'nyumba ku Zingwangwa, ine ndi mlongo wanga. Iye amagwira ntchito pa fakitale ku Makata, amachoka m'mamawa, amabwera dzuwa litalowa, atatopa, osafuna zolankhula. Chifukwa cha akuba, akamachoka ankati ndikhome chitseko m'kati.

Ndipo thupi limakalamba, abale. Kale ndinkayenda chogwira khoma. Tsopano chiuno chikukana, mawondo akukana, kuchoka pa mphasa kufika pa chitseko ndi ulendo.

Amayi a mpingo uno munabwera kudzandiona. Musaweramitse mitu, sindikukudzudzulani, munabwera ndithu. Munaima pakhonde, munati odi. Ine ndinamva. Ndinayamba kulimbana ndi lilime kuti ndinene kuti lowani, koma ndikasangalala m'pamene nsagwada zimamangika. Munati odi kachiwiri. Ine ndikukwawa. Munatinso odi, kenako ndinamva wina akuti mwina anamutengera kumudzi ku Mulanje. Pamene ndimatsegula, ndinangoona mapazi anu pa fumbi.

Munabweranso tsiku lina, chimodzimodzi. Basi mbiri inamveka kuti ndili ku Mulanje, ndipo munasiya kubwera. Ndinauza mlongo wanga, iye anangoti anthu a m'tauni ndi otanganidwa.

Abale, kusungulumwa kumawawa kuposa miyendo. Ndinkakhala tsiku lonse osatulutsa liwu limodzi. Lamulungu ndinkamva nyimbo zanu chapatali, n'kumaimba nanu mumtima. Ndinakwiya, sindibisa. Ndinafunsa Mulungu kuti mwatenga pakamwa panga, nanga ine mwandisiyiranji? Ndinapempha kuti andiitane nditsatire mayi.

Koma tamverani zimene Mulungu anachita. Sanandiongole miyendo ayi, onani ndikadali chonchi. Anangotumiza mvula. Mayi Nasimango, awo akhala apowo, ankachokera kumsika, mvula n'kuwapeza panjira. Anathawira pakhonde pathu. Mwa ulemu chabe anati odi, osayembekeza yankho, n'kukhala pansi kudikira kuti ikate. Mvula sinakate msanga. Ine m'katimo ndikukwawa, ndikupemphera kuti Ambuye, isakate, isakate. Ndinafika, ndinalimbana ndi loko, chitseko chinatseguka.

Mayiwa anadzidzimuka mpaka tomato anamwazika. Anati, "Achemwali, mwabwera liti?"

Ndinati, "Sindinachoke."

Analira, abale. Tinalira tonse, mvula ikugwa. Anakhala nane mpaka madzulo, ndipo anamva mawu anga onse, osandidula. Lero ndi iwo apempha anyamata kuti andinyamule kudzafika muno.

Sindinama, nyumba ija ikadali zii, ndipo mayi ndimawasowa tsiku lililonse. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva yankho langa pamene anthu sanalimve. Kondwerani nane, imbani nane, ombani m'manja, poti anga sagundana bwino. Ndipo mukabwera kwathu, mukati odi, musathamange. Khalani pansi pakhondepo. Ndimakhala ndamva, ndili m'njira. Amen.