Thabwa Lodulirapo Nkhuku

Pamzere wolandirira mankhwala, mayi wina wovala magalasi ankadandaulira bambo wogulitsa nyama amene anali pambuyo pake.

"Aka n'kachitatu ana anga kutsegula m'mimba," anatero mayiyo. "Mtsikana wantchito ndinamuchotsa mwezi watha. Uve!"

"Atachoka, matenda anatha?"

"Akanatha bwenzi ndili pano?"

"Ndiye akuphika ndani?"

"Ineyo. Ndipo nkhuku yanga imapsa mpaka kufupa, bambo."

"Mumaidulira pati?"

"Pathabwa limene anandisiyira malemu amayi anga."

"Nanga tomato ndi zipatso zimene ana amadya zosaphika?"

"Pomwepo. Koma ndimayamba ndapukuta ndi kansalu."

"Mayi, ine ndakulira pa nyama. Nkhuku ikalowa mupoto, si tizilombo tonse timene timalowa nayo. Tina timatsalira m'mizere ija mpeni umalemba pathabwa, tina m'kansalu kanuko. Timangodikira."

"Pathabwa? Tizidya chiyani pamenepo?"

"Timadzi ta nyama tija n'tokwanira. Tina timatha masiku angapo tili moyo. Mukaikapo tomato, basi, tapeza galimoto yopita m'mimba mwa mwana. Pamafunika sopo ndi madzi otentha."

"Madzi otentha? Mtsikana uja ankalithira tsiku lililonse. Ndinachita kumuletsa, ankafuna kunding'ambira thabwa la amayi."

"Munamuletsa ana atayamba kale kudwala?"

Mzere unasuntha pang'ono. Mayiyo anavula magalasi.

"Asanayambe."

"Ndiye mwachotsa munthu, mayi. Wodwalitsa anayo akadali kukhitchini."