Ndinasuta Zojambula za Mwana Wanga

Aulutsi, kalatayi ndalemba ndekha, poti kulemba ndaphunzira nditakalamba kale kusukulu ya kwacha kuno ku Nsaru.

Mdzukulu wanga wamkazi akuphunzira zojambula kukoleji m'tauni. Mwezi watha anamupatsa ntchito yokonza zikwangwani ndi malaya a chionetsero cha alimi kwathu kuno. Anajambula mtedza utavala chipewa ukupalasa njinga, chimanga chili pakaliyala chikuseka. Anthu ankaima pamsika n'kumaseka nawo, ndipo ngakhale osadziwa kuwerenga ankafunsa tsiku lake n'kubwera.

Titabwerako kuchionetseroko anandifunsa kuti, "Agogo, kodi luso limeneli ndinatengera yani? Malemu abambo ankajambula?"

Ndinati, "Kaya, mwina n'kwa amayi ako."

Ndinanama. Bambo ake ali mu Sitandade 6 anandijambula ndikusankha fodya m'chigafa, mphuno ngati mbatata, ndipo aganyu anaseka mpaka misozi. Ine ndinaona ngati wandinyoza. Ndinamukwapula mwana wangayo, n'kumulanda kope lake lonse la zojambula, ndipo mapepala ake ndinkapichirira chingambwe iye akuona, mpaka anatha. Kuyambira pamenepo sanajambulenso. Anakula wosayankhulayankhula, anapita kukagwira utenanti kuesiteti, ndipo anamwalira komweko tisanakambiranepo za kope lija.

Mtsikanayu akandiyang'ana, ndimalephera kumuuza zoona. Koma pulogalamu ino amamvera, ndiye chonde apa muwerenge pang'onopang'ono. Mdzukulu wanga, bambo ako ankajambula bwino kwambiri, ndipo amene anawasiyitsa ndine.